Mtengo wa Mafuta

"Kodi patapata wanga wina ali kuti?" anafunsa a Langton Lolemba m'mawa.

Patapatayo anali pakati pa balaza, atamatirira pa vanishi amene anapakidwa masiku atatu apitawo koma osauma.

Matabwa a pansipo a Langton anabwera nawo kuchokera ku Tete, paulendo wawo womaliza asanasiye kuyendetsa thiraki. Akazi awo, a Deliwe, ankafuna kuti Loweruka, pa chinkhoswe cha mwana wawo, akuchimuna adzaponde pamenepo n'kudziwa kuti mkazi akumutenga pakhomo pa anthu.

Mmisiri, a Tomas a kumalire, anagwada, kukanda ndi chikhadabo, n'kununkhiza.

"Mayi, apa pakununkha mandasi."

"Munanena nokha," anatero a Deliwe. "Munati mtengo uwu ndi wa mafuta. Nanga nyale ya mafuta timathiramo chiyani? Ndinapaka botolo lonse la ophikira musanabwere ndi vanishi wanuyo."

A Tomas anaseka mpaka kutsokomola.

"Mtengo wa chanfuta umenewu mafuta uli nawo kale, mayi, amachita kutuluka ngati thukuta. Ife timavutika kuwachotsa, inu mukuwonjezera!"

"Ndiye muzilankhula Chichewa chomveka."

"Anthu ophika inu," anayamba a Langton, koma ataona diso la akazi awo anapita kukaona mbuzi.

Kupala vanishi wonatayo kunatenga masiku awiri. Kenako a Tomas anawapatsa a Deliwe nsanza ndi thina, mankhwala osungunulira penti aja: azipukuta matabwa atatuatatu, nsanza ikada asinthe, mmisiriyo azitsatira ndi burashi ya vanishi thabwa lisanayambenso thukuta. A Deliwe anakula akuzira nyumba ya dothi ku Kanduku, ndipo maondo anakumbukira okha. Kuyambira pakona, kubwerera chammbuyo, kukatulukira pakhomo. Anangozindikira akuimba nyimbo ya kukwaya motsitsa. Wotsalira anali mmisiri.

Lachisanu a Deliwe anakhudza thabwa ndi chala. Sichinamatire. Anaika dzanja lonse, kenako phazi. Pansi ponse panali psuu, zenera likuonekera m'matabwamo. Anayenda opanda nsapato mpaka kukhoma n'kubwerako, kawiri.

"Tilowetse mipando?" anafunsa a Langton ali pakhonde.

"Ayi. Mawa alendo akhala panja, pansi pa mango," anatero a Deliwe. Anakiya chitseko, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje.