Madontho a Pakhoma

Fyness anasowa tulo atamva kuti tchalitchi chija akufuna kuchitseka. Sanali wa mpingo umenewo, iye anakulira mu Mvano kwawo ku Mulanje, koma kuseri kwa tchalitchicho, m'kamudzi kena kunja kwa mzinda wa Hull ku Mangalande, n'kumene kunagona mwamuna wake Ralph. Malemuyo ankakonda kupemphera kumeneko, ndipo atamwalira mu 2014 anamuika pomwepo. Nanga akachitseka, adzatchetche udzu ndani? Fyness anali ataonapo matchalitchi ena atasanduka nyumba zogonamo anthu, ndipo mtima unkamuwawa akaganiza zoti tsiku lina azidzachita kuodira pageti pa mwini kuti aone manda a mwamuna wake.

Tchalitchicho chinali chakale zedi. Annette, mayi wokalamba wachingelezi amene ankasunga kiyi, ankati anachimanga ndi Anomani, anthu amene analanda dzikolo kalekale, zaka zoposa mazana asanu ndi atatu zapitazo. Makoma ake anali okhuthala moti mwana akanatha kugona pawindo. Mawindowo anali timabowo tozungulira pamwamba, tongolowetsa kuwala mwaumbombo. Khomo lolowera linali la miyala yopindika ngati uta, yosemedwa mizere yokhotakhota, ndi timitu ta mbalame za milomo yaitali tikuyang'ana aliyense wolowa. Annette akayamba kufotokoza zimenezi sankatha, ndipo Fyness ankangoti eya, eya, maganizo ali kuntchito kuchipatala. Iye zimene ankaona n'zakuti m'katimo munali mdima, fumbi ndi fungo la chinyontho.

Ndiye kunamveka kuti mkulu wina wa mpingo abwera Lolemba kudzaona ngati chikhalebe chotsegula. Annette anapita kukaona mdzukulu wake ku York, nasiyira Fyness kiyi kuti akaike maluwa.

Maluwa okha? Kwathu mlendo wamkulu akamabwera timasesa mpaka pamsewu, n'kupaka laimu khoma, miyala ndi mitengo yomwe. Fyness anaitana anamwino anzake a ku Malawi, ndipo Loweruka anafika ndi zidebe, makwerero ndi penti woyera, poti laimu sanamupeze.

"Amake Michelle, koma tapempha permission?" Matilda, mnzake wa mu wodi imodzi, anafunsa Fyness. "Mukuwadziwa azungu ndi zinthu zawo zakale."

"Permission yosesa nyumba ya Mulungu? Inu tagwirani tsache apo."

Anagwira ntchito amayi aja, akuimba, zitenje zili m'chiuno pamwamba pa majekete. Chimene chinkamuipira kwambiri Fyness chinali pamwamba pa khomo lam'kati lopita kuguwa. Pamenepo panali madontho ofiirira, oyanga khoma lonse ngati denga linkadontha dzimbiri. Anakwera yekha, nawapala ndi bulashi yawaya mpaka mapewa kuphwanya. Kenako anapaka penti kawiri. Potuluka anacheuka, khoma lili mbee, ndipo anasangalala koyamba m'masabata ambiri.

Lolemba m'mawa Fyness analawirira atavala chitenje chake chatsopano. Annette analowa, nakweza maso, n'kuima chilili. Kenako anakhala pabenchi mwapang'onopang'ono ngati wodwala.

"Mngelo ali kuti?" anafunsa.

"Mngelo uti, mayi?"

Annette analoza khoma loyera lija. Anati madontho aja anali chithunzi cha mngelo atanyamula sikelo yoyezera mizimu, ndipo anachijambula ndi amene anamanga tchalitchicho. Anthu ena akale anachimata kuti chisaoneke, chinakhala chobisika mibadwo yambiri, ndipo chinavundukulidwa iye ali mtsikana. Ukaima pakati dzuwa lam'mawa likulowa, unkaona phiko ndi dzanja.

"Mlendoyu akubwera ndi katswiri wa zithunzi zakale," anatero Annette. "Opemphera tatsala ochepa, mwana wanga. Mngeloyo yekha ndi amene akanatipezetsa ndalama zokonzera denga kuti asatitsekere."

Fyness ankafuna kuti mayiyo akalipe, amunene kuti chitsiru, koma Annette ankangolira mwakachetechete.

"Pentiyo tichotsa," anatero Fyness. "Lero lomwe, tichotsa."

"Mwina atha kuchotsa. Munangopaka pamwamba, eti? Simunapale?"

Fyness anayang'ana zala zake. M'zikhadabo munali mudakali kufiira, ngakhale anasamba kangapo.

Panja galimoto inaima, zitseko ziwiri zinamenyeka, ndipo kunamveka mawu a amuna akuyamikira timitu ta mbalame tapakhomo. Annette anapukuta misozi, nagwira benchi kuti adzuke.

"Khalani, mayi," anatero Fyness. "Ndapala ndine, ndikawauza ndekha."