Migolo Iwiri Yofiira

M'mawa umenewo chifunga chinaphimba mtsinje wonse, moti munthu ukatambasula mkono zala zinkaoneka ngati za wina. Pa doko oyendetsa maboti anangokhala manja m'khwapa, palibe anafuna kunyamuka. Koma mlamu wake wa Kaputeni anali atayamba kudwala, nthawi yake itakwana, ndipo chipatala chinali kumtunda kwa mtsinje, tsidya lina.

Dzina loti Kaputeni anamupatsa ndi anzake, pomuseka kuti mkazi wagwira chiwongolero. Linamukhala, osekawo n'kutopa. Analiza injini. Mchimwene wake, mwini mimbayo, anakakhala kutsogolo kwa boti kuti aziona njira, pamene mlamu anagona pa benchi atagwiritsa chitsulo cha m'mbali.

"Mlamu, ukandimiza ndidzakubwerera kutulo," anatero wodwalayo akubuula.

"Ndi chimimba chimenecho? Iwe sungamire. Tikhala tikugwira iweyo."

Njira ya pamtsinjepo inkadziwika ndi migolo yoyandama, yomangidwa ndi matcheni pansi pa madzi. Lamulo lake linali losavuta: pokwera mtsinje, wofiira ukhale kumanzere, wobiriwira kumanja, iwe udutse pakati. Kunja kwa mpata umenewo kunali miyala, ndiponso mafupa a maboti a anthu amene ankati amaudziwa mtsinje.

Ankayenda pang'onopang'ono. Migolo inkatulukira m'chifunga iwiriiwiri, n'kuzimiririka kumbuyo kwawo. Madzi anali zii, opanda funde ngakhale limodzi, komabe belu la pa mgolo wina patali linkalira, ngo, ngo, ngati pali amene akulikoka ndi dzanja. Kaputeni analimva, anayang'ana mchimwene wake, n'kuona kuti nayenso walimva.

Atafika pamene mtsinje umapanikizika, mchimweneyo anakuwa.

"Wofiira!"

"Mbali iti?"

Mchimweneyo anayang'ana kumanzere, n'kuyang'ananso kumanja.

"Achimwene, ndati mbali iti?"

"Zonse ziwiri, achemwali."

Kaputeni anachepetsa moto. Zinalidi zoona. Kumanzere kunali mgolo wofiira, kumanja wina wofiiranso. Ngati weniweni unali wakumanjawo, ndiye kuti madzi anali atamukankhira kunja kwa njira ndipo kutsogolo kwake kunali miyala. Ngati weniweni unali wakumanzere, njira inali pakati pomwepo. Kubwerera kunalibe. Mlamu anali atasiya kubuula, akungopuma mothamanga, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuopsa Kaputeni kwambiri.

Kenako anakumbukira kuti opaka penti anali akuzula migolo mlungu umenewo, ndipo asanapake mtundu weniweni amayamba ndi penti yofiira yoletsa dzimbiri. Mwina wobiriwirawo anaubwezera asanamalize. Penti ikanama, mutu sunama: mgolo wofiira umakhala wamutu wafulati ngati chitini, wobiriwira wosongoka.

Anayandikiza boti kumanja. Mgolowo unali wosongoka.

Mtima ukanakhala pansi, koma maso ake anaona zina. Mgolo womangidwa umapendekeka potsata madzi, tcheni ikuukoka. Uwu unaima chilili, madzi akuudutsa osapanga ngakhale kamzere. Unalibe ndere, unalibe zitosi za mbalame. Penti inkatsika m'mbali mwake ngati yangopakidwa kumene. Mchimwene anatambasula dzanja.

"Musaukhudze!"

Anabweza dzanja n'kulibisa m'thumba.

"Mlamu," wodwala uja ananong'ona, "bwanji taima?"

"Tikupereka moni. Gona."

Anawonjezera moto n'kuloza pakati. Pansi pa boti china chake chinakhula, kweee, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, pang'onopang'ono ngati chala chikuyeza matabwa. Kenako chinawasiya. Belu lija linasiyanso kulira.

Pa doko la kuchipatala anapeza namwino akudikira ndi njinga ya odwala. Pamene ankamunyamula mlamu, bambo wina wa ovolosi yothimbirira anadzuka pamene anakhala, burashi ili m'manja. Pambali pake, pamtunda, panagona mgolo wosongoka, wofiira, tcheni yake itaunjikidwa pamchenga.

"Mayi, mwadutsa bwanji popanikizika paja?" anafunsa. "Wakumanja wake ndi uwu. Tinauzula dzana, chifungachi chatiletsa kuubwezera."

"Palibe wina amene munaikapo?"

"Wina tiutenga kuti? Paja pali madzi okhaokha."

Kaputeni anacheuka. Kumbuyo kwake kunalibe mtsinje, kunalibe tsidya, kunali kuyera kokhakokha. Anatsegula pakamwa, koma mlamu anakuwa ali pa njinga.

"Mlamu iwe! Wabwera kudzacheza ndi apenti? Dzandigwire dzanja, mchimwene wakoyu akunjenjemera kuposa ine!"

Anathamanga n'kukamugwira. Mwana anabadwa dzuwa lisanaoneke, wamkazi, wolira ngati anamulanda kanthu. Pakhonde, mchimwene atayamba kufotokozera anamwino mmene anayendera, Kaputeni anamuponda phazi mwamphamvu, n'kupempha madzi akumwa.