Khutu Lakumanja la Sajeni

Ine ndinayamba ndi njinga yobwereka, lero ndili ndi malole anayi. Ndawoloka malire a mayiko asanu ndi awiri, ndagona pansi pa galimoto m'chipululu, ndadya patebulo limodzi ndi mabwana oti dzina lawo sungalitchule usanatsuke m'kamwa. Palibe geti imene inandikanirapo. Ndiye mwana wanga wamkazi atandiuza kuti akufuna kulowa usilikali, ndinangoti, "Yatheka kale imeneyo. Ndiwe mwana wa ndani?"

Timamutcha Sajeni. Ali ndi zaka zisanu ankaguba pabwalo tsache lili paphewa, nkhuku za amayi ake zikuthawa.

Pepala la zofunika ndinalimata mu lole, pamwamba pa chiwongolero, ndipo ndinkachonga chimodzichimodzi. Zaka zinakwana, makumi awiri. Satifiketi yake inali yoti aphunzitsi ankabwereka kukaonetsa ana ena. Msinkhu ndinamuyeza ndekha pachitseko ndi tepi ya kalipentala, anapitirira ndi zala zitatu. Mlandu kupolisi analibe. Mwamuna analibenso, poti anyamata ozungulirazungulira pageti ndinkathana nawo ine. Kwa miyezi itatu ankathamanga m'mawa uliwonse, ine pambuyo ndi galimoto, ndikuliza hutala mpaka aneba anasiya kundipatsa moni.

Tsiku loyesedwa, makolo tinaima kunja kwa waya. Pa mpikisano wothamanga, Sajeni anamaliza wachiwiri pa atsikana onse. Ndinauza aliyense, ngakhale mayi wogulitsa madzi, kuti uyo wa malaya ofiirayo ndi magazi anga. Masana analowa mu tenti ya achipatala. Anatuluka atanyamula faelo yake, nambala ya pachifuwa atamuchotsa.

"Bwanji Sajeni, mfuti akupatsa kale?"

"Tiyeni kunyumba, ababa."

Sindinafune kumva zimenezo. Ndinavuta pageti mpaka msilikali wolondera anatopa nane n'kundiperekeza kwa dokotala, mayi wachikulire wa magalasi a chingwe.

"Ndinu bambo ake? Khalani pansi."

"Ndiima. Mwana uyu sanadwalepo ngakhale chimfine. Muyeseninso ine ndikuona."

Dokotala anamuimika Sajeni moyang'ana kukhoma la tenti, anamuuza atseke khutu lakumanzere ndi chala, iye n'kuima kumbuyo kwake. Anatchula manambala atatu. Ine ndinawamva onse. Mwana wanga anangoima njo, ngati palibe wayankhula.

"Khutu lakumanja silimva," anatero dokotala. "M'kati munang'ambika kalekale, ndipo munapola moipa. Msilikali ayenera kudziwa kumene phokoso likuchokera, apo ayi afa, aphetsanso anzake. Mtsikana iwe, unadwalapo khutu? Unamenyedwapo?"

"Ndinagwa mumtengo ndili mwana," anayankha msanga.

Panyumba pathu sipanakhalepo mtengo. Ndipo ine ndine wamanzere.

Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinali nditangofika kuchokera ulendo wautali, lole yanga yoyamba nditaiimika pamtunda. Iye anakwera, n'kumaseweretsa zitsulo, mpaka anamasula buleki. Lole inatsetsereka n'kugwetsa mpanda, mng'ono wake akukwawa pafupi. Ndinamutsitsa, ndipo ndinamupatsa mbama imodzi pakhutu lakumanja. Imodzi yokha. M'mawa mwake ndinanyamuka ulendo wa milungu isanu ndi umodzi. Nditabwera ndinapeza thonje m'khutu lake, amayi ake anati likutuluka mafinya koma likupola. Ndinali nditamugulira nsapato zowala, nkhani inathera pomwepo.

"Palibe mankhwala?" ndinafunsa. "Kunja ndikudziwako zipatala, ndege ndikwera mawa lomwe."

"Zikanatheka nthawi imeneyo, bambo. Pepani."

Tili pageti ndinamufunsa, "Unkadziwa?"

"Ndinkaganiza kuti sayesa makutu onse awiri."

"Bwanji sunandiuze zaka zonsezi?"

"Mukanatani, ababa?"

Tinakwera lole. Iye anakhala pamalo pake, kumanzere kwanga. Zaka zonsezi ndinkanyadira kwa madalaivala anzanga kuti mwana wanga amakonda nkhani zanga kuposa wina aliyense, moti ndikayamba kufotokoza za maulendo amatembenuka thupi lonse n'kumandiyang'ana pakamwa. Tsiku limenelo sanatembenuke. Anatsegula windo, faelo ili pamiyendo, n'kumayang'ana masitolo akudutsa.

Ine amene ndinakanganapo ndi asilikali a pamalire m'zinenero zitatu, ndinangogwiritsa chiwongolero ndi manja onse awiri. Tinadutsa msika, tinadutsa pomwetsera mafuta. Pa mlatho ndi pomwe ndinakwanitsa kuyankhula.

"Mwanawe, ndine ndinakulakwira. Undikhululukire."

Sanagwedezeke. Ndinabwereza. Mphepo inkangomuwuluzira tsitsi. Kenaka anaona pagalasi kuti milomo yanga ikuyenda, ndipo anatembenuka pang'onopang'ono, kundipatsa khutu labwino lija. Maso ake anali ofiira.

"Mwati chiyani, ababa?"

Ndinayang'ana msewu. Pepala lija linali pompo pamwamba pa chiwongolero, mizere yonse yochonga kupatula umodzi wa pansi, wa zachipatala.

"Ndati tseka windo," ndinatero. "Fumbi."

Anatseka.