Chipolopolo Chaulesi cha Milisav

Mfuti ya Milisav inali yakale kuposa mwini wake. Inachokera kunkhokwe ya asilikali, ya mtundu wa Mauser, yaitali ngati mpini wa khasu. Mmisiri wina wa ku Užice anaifupikitsa mtengo wake, n'kupinda chogwirira cha mpiringidzo wotsekera chipolopolo kuti chisamagunde galasi loonera patali limene anamangirira pamwamba. Inatuluka kumeneko ngati nkhalamba yovala suti ya mdzukulu. Koma zipolopolo Milisav anakana kusintha. Ankawombera za asilikali zomwezo, za m'chitini chimene chinakhala pafupi ndi migolo ya kachasu wa rakija kuyambira mkazi wake akadali ndi chiuno.

"Alamu, zipolopolo zanuzi zinabadwa tsiku limodzi ndi agogo anga," ankatero Radoje, mlongo wa mkazi wakeyo.

"N'chifukwa chake zili ndi ulemu, a Nduna. Sizithamangathamanga ngati ana amakono."

Dzina la a Nduna Milisav anam'patsa Radoje tsiku la ukwati chifukwa cha mimba yake, ndipo kuyambira pamenepo sanam'tchulepo dzina lenileni, ngakhale pamaliro.

M'mawa umenewo chipale chofewa chinali chofika m'mawondo. Ankasaka nguluwe yaimuna imene inakolola chimanga cha theka la mudzi popanda kuitanidwa. Radoje anatsikira m'chigwa ndi galu wake Garov kuti akaivumbulutse. Milisav anaima kumtunda, atatsamira mtengo, moyang'ana pamene njira ya nguluwe imatulukira m'zitsamba.

Anadikira mpaka zala zinasiya kumva. Garov ankauwa kutali, kenako pafupi. Mwadzidzidzi kuuwako kunasanduka kulira.

Zitsamba zinathyoka. Nguluwe inatulukira, yakuda bii, nthunzi ikufuka m'mphuno. Koma siinathawe. Inatembenukira galu, n'kumunyamula ndi mano ake opindikawo, kum'ponya pachipale. Garov anayesa kudzuka, mwendo unakana. Pansi panafiira.

Milisav anaika mfuti paphewa. Analoza kumbuyo kwa phewa la nguluwe, n'kukoka kachitsulo kowombera.

Khe!

Basi. Panalibe kulira, panalibe utsi.

Aliyense amene anakulira pa zipolopolo zakale amaidziwa khe imeneyo. Mwina chipolopolo chafa. Koma mwina moto wagwira ndithu m'kati, ukungonyeka ngati nkhuni yaiwisi, ndipo chidzatuluka nthawi imene chafuna. Ukatsegula mpiringidzo msanga, chimaphulikira kumaso kwako. Wogaya ufa wa kutsidya amatsinzinira aliyense ndi diso limodzi mpaka lero chifukwa cha zimenezo. Lamulo lake ndi limodzi: gwira, loza pomwepo, dikira.

Milisav anagwira. Ndipo m'galasimo, kuseri kwa msana wa nguluwe, munalowa jekete lofiirira. Anali Radoje, mpeni uli m'manja, mimba ikugwedezeka, akuthamangira galu wake.

Milisav anaiona ngoziyo. Chipolopolo cha asilikali sichiima m'nyama. Chimabowola n'kupitirira ulendo, ndipo ulendowo unali wolunjika pachifuwa cha mlamu wake. Akaloza kumwamba, chikathera m'mitambo, ndipo nguluwe ing'amba Radoje iye asanalowetse china.

"A Nduna, imani pomwepo! Chagwira moto ichi, sichinatuluke!"

"Zanu zomwezo, alamu!" anakuwa Radoje osacheuka n'komwe. "Wombani, apo ayi ndilowa ndekha! Galu wanga akutha!"

Ndani akanam'dzudzula? Chaka chatha Milisav anakuwa kuti chimbalangondo, mpaka Radoje anakwera mtengo, thalauza n'kung'ambika, pamene mwini nthabwala ankamudyera nyama yake ya nkhumba ndi anyezi pansi pa mtengo womwewo.

"Sindikuseka, munthu inu!"

"Munasiya liti?"

Nguluwe inamva mawuwo. Inasiya galu, n'kutsitsa mutu, ubweya wa pamsana utaima njo. Radoje anali akubwerabe. Mfuti inkamulemera Milisav ngati njanji. Ankamva ngati m'chitsulomo muli kanthu kamoyo kamene kakudziwongola.

"Radoje!" Mawu anatuluka osakhala ngati ake. "Gona pansi, Radoje! Gona!"

Radoje anaima ngati wagundidwa ndi mwala pamphumi. Anayang'ana kumtunda kamodzi kokha, n'kudziponya chafufumimba m'chipale.

Phuu!

Mfuti inalira yokha, chala cha Milisav chili kutali ndi kachitsulo. Inam'menya phewa mpaka chipewa chinagwa. Nguluwe inayenda pang'ono ngati yakumbukira kena kake, miyendo yakutsogolo inapinda, ndipo inagwa pafupi ndi mutu wa Radoje, n'kumuwaza chipale kumaso.

Kunakhala zii. Garov yekha ankalira chapansipansi.

Radoje anadzuka, ndevu zili mbuu. Anavula mpango wa m'khosi n'kumanga ntchafu ya galu. Atatha anacheuka. Pa mtengo umene unali kumbuyo kwake, khungwa linali litang'ambika, bala loyera, pa msinkhu wa batani lachitatu la jekete lake. Analowetsamo chala.

Milisav anatsika movutika. Anatulutsa kabotolo ka rakija.

"Mwanditchula dzina," anatero Radoje.

"Ndinaiwala udindo wanu, a Nduna. Mundikhululukire."

Radoje sanaseke. Anapisa dzanja m'thumba la mlamu wake, n'kutulutsa zipolopolo zonse zotsala. Anapita nazo kukamtsinje ka m'munsi, naswa madzi oundana ndi chidendene, n'kuzithira momwemo.

"Za m'chitini zija nazonso tikazitaya," anatero pobwerera. "Lero lomwe. Mukakana, mlongo wanga amva zonse."

Milisav anayang'ana nguluwe, anayang'ana mtengo uja. Pakamwa panali patayamba kale kukonza yankho lokoma, koma analimeza. Anavula jekete lake, n'kuliyala pansi kuti anyamulirepo galu.