Muvi wa Moto m'Munda wa a Zanetti

Nditasiya sukulu mu Disembala ndinkayesa kuti pofika Isitala ndidzakhala ndili ku Brisbane, nditavala chipewa cha nthenga, mnyamata wina akundigwira mkono pokwera basi. M'malo mwake Singapore inagwa, Darwin inaphulitsidwa, zombo zinamenyana pa Nyanja ya Coral kuseri kwa gombe lathu lomweli, ndipo ine Thelma Kinnane, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndinatsakamira m'tauni yathu ya nzimbe ndikudikira ndege za Ajapani.

Poyamba tinkadikirira pakhonde la hotela. Koma mabomba atagwa ku Townsville kumapeto kwa Julaye, akuluakulu anatimangira nsanja ya matabwa pamwamba pa phiri la kuseri kwa fakitale ya shuga. Anaikamo telefoni, magalasi oonera kutali ndi makadi a zithunzi za ndege. Ukaona chachilendo, uimbe kwa asilikali. Basi. Ine anandiika masana pamodzi ndi Mayi Culhane, akazi a wogulitsa nyama, omwe ankabwera ndi zoluka zawo ndi nkhani za tauni yonse.

"Ataliyanawa ali ndi mawailesi m'mathanki a madzi," anatero tsiku loyamba, singano zikugundana.

"Munawaona, Mayi Culhane?"

"Ukufuna ndikakwere m'thanki ndi thupi ili, mwana iwe? Aliyense akudziwa. Akazi awo akayanika zovala, uziwerenga mashiti. Awiri ndi uthenga, atatu ndi uthenga wina."

"Nanga akakhala anayi?"

"Ndiye kuti mwana wakodza pabedi. Usandiseke, iwe."

Ndinaseka ndithu, koma magalasi anga sanali kumwamba. Munda wa a Zanetti unali m'tsinde mwenimweni mwa phirilo, ndipo m'mundamo munali Fulvio. Anabadwira konkuno, kusukulu ankakhala kumbuyo kwanga mpaka anasiya kukadula nzimbe. Bambo ake anawatenga pa lole mu Malichi kupita nawo ku msasa wa akaidi kumwera, monga anachitira ndi Ataliyana ambiri poti dziko lawo linali mbali ya adani pa nkhondoyi, ndipo iye anatsala ndi amayi ake okha. Masabata atatu m'mbuyomo ndinali nditamulembera kalata ya masamba anayi, ndi kuisomeka m'chikwama cha njinga yake kunja kwa positi ofesi. Yankho, zii. Tikakumana mumsewu ankakhudza chipewa ngati wakumana ndi agogo a munthu.

Munthu wosayankha kalata yotero ali ndi chimene akubisa. Ndimo ndinkaganizira. Ndiye Lolemba ndi Lachiwiri ndinamuyang'anitsitsa. Ankayenda m'mphepete mwa munda yekhayekha, kuima pangodya, kutola tsamba louma ndi kulisiya liuluke, kenako kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali, chakunyanja. Akuyang'ana chiyani kumeneko? Akudikira ndani? Ndinayamba kukumbukira kuti kusukulu sankaimba nafe mokweza nyimbo ya mfumu.

Lachitatu cha m'ma folo koloko anayatsa. Nzimbe timazitentha tisanadule, kuti masamba ndi makoswe zichoke, ndipo chaka chimenecho lamulo linali lakuti moto uzime dzuwa lisanalowe. Moto wa nzimbe ndinauona kuyambira ndili kumsana, koma nthawi zonse ndili pansi, khoma la malawi patsogolo panga, phulusa likugwera m'tsitsi. Tsikulo ndinali pamwamba pake.

Unayambira pangodya imodzi. Fulvio anathamanga ndi muuni mbali iyi, amayi ake mbali inayo, ndipo mizere iwiri yofiira inatambasuka kuchokera pansonga imodzi, yoongoka ngati yojambula ndi lula.

"Thelma," Mayi Culhane ananong'ona, zoluka zili pansi. "Nsongayo yaloza kuti?"

Ndinatsata ndi maso. Kupitirira mtsinje, kupitirira msewu wa njanji, inaloza pa bwalo latsopano la ndege la asilikali a ku Amerika.

"Ndi muvi umenewo! Ambuye anga, akuwalozera Ajapani! Imba, mwana iwe, ukudikira chiyani? Imba!"

Sindinadikire. Ndinapukusa telefoni, ndinatchula dzina la munda, ndinanena mawu akuti muvi. Chimene ndimachita nacho manyazi n'chakuti mumtima munali kakukoma: ndiye chifukwa chake sunandiyankhe.

Pa chakudya chamadzulo bambo anga, omwe ankayendetsa kasitima konyamula nzimbe, anaika foloko pansi.

"Amugwira mwana wa Zanetti. Ali ku polisi, ndipo sitima ya Lachisanu m'mawa ipita naye kumwera. Nzimbe zake n'zotentha kale. Pakapita masiku awiri ziyamba kusasa, fakitale izikana."

"Koma n'zoona zimenezi, za muviwo?" anafunsa amayi.

"Kaya. Ndanyamula nzimbe zawo zaka khumi, anthu abwinobwino. Koma masiku ano munthu ungamudziwe?"

Ndinkafuna bambo anene kuti ndi bodza, kapena anene kuti n'zoona. Kaya yawoyo inandipweteka kuposa zonse ziwiri.

Lachinayi ndinakweranso nsanja. M'munda wakudawo munali munthu mmodzi, amayi a Fulvio, atawerama ndi chikwanje. Mayi Culhane anali atavala chipewa cha kutchalitchi, poti m'tauni monse ankawaloza kuti ndi iwo anagwira kazitape.

Itakwana folo koloko, utsi unadzuka m'munda woyandikana nawo, wa Bambo Des Hegarty, mchimwene wawo wa Mayi Culhane. Ndinaloza magalasi mwaulesi. Anyamata awiri anayatsa pangodya imodzi, wina nathamangira uku, wina uko. Mizere iwiri yofiira. Nsonga imodzi. Ndinaitsata ndi maso kupitirira mtsinje, kupitirira njanji, mpaka pa bwalo la ndege lomwe lija.

"Mayi Culhane, taonani."

Anasuzumira kamodzi nabwerera ku zoluka. "Ndi Des uyo, akutentha nzimbe zake."

"Waloza kuti?"

"Sunaloze kulikonse. Ndi moto."

Ndinagwira telefoni. Anandigwira dzanja, zikhadabo zikulowa m'khungu.

"Wapenga? Mwana wake wa Des ali ku New Guinea akumenya nkhondo!"

"Akuluakulu anati chachilendo chilichonse tiziimba," ndinatero, ndipo ndinapukusa ndi dzanja lamanzere. "Muvi wina," ndinauza wa kutsidyako. "Sajeni abwere aone yekha."

Moto wa nzimbe suchedwa. Pomwe Sajeni Pringle ankafika pamwamba, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, pansi panali chigamba chakuda ndi utsi basi. Anali munthu wa ku Melbourne, wotumbuluka, amene nzimbe anaziona koyamba chaka chomwecho.

"Uli kuti muvi wako, mtsikana?"

"Wazima, bwana sajeni."

"Panalibe muvi," anatero Mayi Culhane. "Mufunseni chimene amayang'ana ndi magalasiwo sabata yonseyi. Ndege zake zimavala malaya a kaki, zimanunkha adyo."

Sajeni anandiyang'ana pang'onopang'ono kuyambira kunsapato. "Ndi chibwenzi chako, Mtaliyana uja?"

"Ayi."

"Dzulo wamunenera, lero ukumuombola. Wakutuma ndani? Ukudziwa kuti kuimba zabodza pa telefoni iyi ndi mlandu? Ndikhoza kukuika m'chipinda choyandikana ndi chake."

"Dikirani pang'ono. Bambo Hegarty akonza zigawo ziwiri, taonani njira alambula pakati. Ayatsa chinacho."

"Mphindi khumi," anatero, natulutsa wotchi.

Moyo wanga wonse sindinadziwe kudikira, ngakhale keke ndimaitulutsa isanapse. Ndinaima pamenepo ndikuluma mlomo. Pansi anyamata aja anakhala pamthunzi kumwa tiyi. Mmodzi anagona chagada, chipewa kumaso. Mphindi zisanu. Zisanu ndi ziwiri. Bambo Hegarty anatuluka, natola tsamba louma, nalisiya liuluke, nayang'ana chakunyanja. Sajeni anali atatseka kale wotchi yake pamene lawi loyamba linaoneka pangodya.

Anandilanda magalasi. Anayang'ana mpaka mizere iwiri ija itaongoka, kenako anatembenuza mutu kutsata nsonga.

"Hegarty ameneyu kwawo n'kuti?"

"Ndi mchimwene wanga!" anakuwa Mayi Culhane.

"Ndiye mchimwene wanu akwera nawo sitima ya mawa."

"Inu a ku Melbourne mumadziwa chiyani? Munthu amayatsira kumene mphepo ikupita, kuti moto uyende mobwerera, usalumphire kwa mnzake! Awiri amagawana mbali, wina uku wina uko, apo ayi mutentha chigwa chonse. Mphepo ya masana imachokera kunyanja tsiku lililonse limene Mulungu analenga. Mufuna ayatsire kuti? Aliyense amayatsa chomwecho, aliyense..."



"Aliyense, mayi?" anafunsa sajeni.

Mayi Culhane anatola zoluka zawo nayamba kuwerenga mizere ya sokosi imene ankaluka.

Sajeni anapukuta khosi ndi mpango. "Anthu inu mwabadwira m'nzimbe, ndipo palibe anadziwa?"

"Palibe anakwerapo pamwamba pa moto, bwana sajeni," ndinatero.

"Pepala ndinalemba kale," anang'ung'udza akutsika makwerero. "Kulemba pepala n'kosavuta. Kulifafaniza ndiye ntchito."

Sananene kuti amumasula Fulvio. Lachisanu ndinafika pa polisi dzuwa likutuluka, ndinaima pafupi ndi mtengo wa mango. Lole inatuluka ndi amuna atatu kupita ku siteshoni, zipewa zitaphimba nkhope, ndipo ndinathamanga nayo mpaka pakona ndikuyesa kuzindikira mapewa. Nditabwerera ndinamupeza Fulvio ataima pakhomo, akumanga lamba amene anamubwezera. Malaya ake anali akadali ndi mwaye wa Lachitatu.

"Fulvio."

"Akuti ndi mtsikana wa pansanja anaimba."

"Ndinaimba kawiri."

"Ndamva. Koyambako ndi kumene ndagonera pasimenti." Anamanga zingwe za nsapato osandiyang'ana. "Unandidziwa ndili ndi kabudula wong'ambika, Thelma. Unkakopera masamu anga."

"Ndinaona muvi."

"Unaona ine."

Sitima inalira ku siteshoni, ndipo tonse tinatembenuka kumvera mpaka phokoso litatha.

"Amayi anga anabwera dzulo ndi buledi," anatero. "Akufunsa kuti ndani. Ine sindinawauze. Ukawauze wekha."

"Lero?"

"Iwe si wosadikira uja?"

Anauyamba wapansi, ine pambuyo pake, mtunda wa mamailosi awiri. Anthu pakhonde la hotela anasiya kutafuna. Titafika, fungo la nzimbe zoyamba kusasa linatilandira pamsewu. Amayi ake anali pakati pa munda, akuda bii mpaka m'zikope, mizere itatu yokha itagwa kumbuyo kwawo. Ataona mwana wawo anaponya chikwanje nathamanga, akulira m'chinenero chawo. Ndinaima m'phulusa ndi nsapato zanga zoyera kudikira kuti amusiye. Kenako anapukuta maso ndi mkono, nandiyang'ana, namwetulira, chifukwa ankayesa kuti ndabwera kudzathandiza.

"Mayi Zanetti," ndinatero, "ndine ndinaimba telefoni."