Nsalu Yomwe Inatsala Pashelefu

Kutatsala milungu iwiri kuti mwana wawo wamkazi akwatiwe, Mayi Telala anali atasoka zovala za onse kupatula shati ya mwana wawo wamwamuna. Nsalu yake inangokhala pashelefu chipindireni. Mwanayo amakhala ndi mwamuna mnzake ngati banja, pomwe akuchimuna anali Asilamu. Mayiwo ankaopa kuti zikadziwika ukwati uthera pomwepo. Ankafuna kumuuza kuti asabwere, koma ankangozengereza.

Anesi oyandikana nawo nyumba, Msilamu nawonso, atabwera kudzatenga yunifolomu anadabwa. "Nkhope yagweranji, amake mkwatibwi?"

Atamva nkhaniyo anaseka. "Yunifolomu yangayi munayezera pa ndani?"

"Pa inu nomwe."

"Nanga Asilamu tonsefe mukutisokera bwanji ndi muyezo umodzi? Ine mpango sindivala, mkulu wanga sauvula. Pa nkhani iyinso timasiyana. Ena amati ndi tchimo lalikulu, ena amati ndi tchimo koma woweruza ndi Mulungu, enanso saonapo vuto. Safunsa anadya phula, anzanga. Mwana wanu wamwamunayo akalola, afunseni akuchimuna eni ake."

Mwanayo analola pafoni. M'mawa mwake mayi a mkwati anabwera kudzayezetsa diresi. Tepi ili m'chiuno, Mayi Telala anaulula zonse.

"Ndiye mwandifinya chonchi chifukwa cha zimenezo? Masulani tepiyo ndipume kaye!" anatero mlendoyo. "Ndisakunamizeni, bambo akunyumba amakhulupirira kuti ndi tchimo. Koma mlendo sanamubwezepo pakhomo. Ine ndimangoti mwana ndi mwana. Ndikawauza ndekha. Munthu n'kujomba ukwati wa mlongo wake?"

Mayi Telala analira kwinaku akuseka, ndipo sizasi inagwira nsalu ija mlendo asanatuluke n'komwe.

Pa tsiku la ukwati bambo a mkwati anamupatsa mkono mwana wamwamuna wa Mayi Telala uja, namuyang'ana kuyambira kolala mpaka batani lomaliza.

"Shati imeneyi yaposa yanga," anatero bambowo. "Amayi anu akondera."

Maganizo awo sanasinthe, koma mpando anamukokera okha. Mkwatibwi atamuona mlongo wake ali pamenepo anaiwala zoyenda mwaulemu, anathamanga diresi lili m'manja.

Anthu a chipembedzo chimodzi saganiza zofanana onse. Tisanamusokere munthu maganizo, tiyambe tamufunsa.