Che Sabiti Amamva ndi Mano

Pikapu yathu inayamba kuyenda ine ndisanabadwe. Imanyamula nsomba zouma kuchokera ku Chiuta kukatula pa Ulongwe, ndipo woyendetsa ndine Zaina, mwana wamkazi wa Che Sabiti. Baba anagwira umakaniko zaka makumi atatu. Makutu awo atafa, anthu anasiya kuwabweretsera magalimoto, kenako anasiya ngakhale kuwafunsa maganizo. Tsiku lonse ankangokhala pakhonde kuyang'ana msewu.

Tayala lakutsogolo litayamba kulira ngati chigayo, achimwene anga a Bilali, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, anagamula kuti galimotoyo igulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha. Ananena izi pamkeka, Baba ali pomwepo akumwa tiyi.

"Chiphapha ichi ndi mwini wake n'chimodzimodzi, zonse zinatha ntchito," anatero akuwamwetulira Baba.

Baba nawo anamwetulira, poti anaona mano. Ine mtima unandipsa. Galimoto ya eni, kuigulitsa mwini wake ali moyo, akumwa tiyi! Ndinang'amba pepala n'kulembapo kuti, "Bering'i ya tayala lakutsogolo yatha. Tigule iti?"

Baba anawerenga kawiri. Analowa m'nyumba, natuluka atavala chisoti chawo choyera, m'thumba muli sikuludiraiva yakale ya chigwiriro chamtengo.

"Tiye ku Balaka," anatero.

A Bilali anakwera nafe minibasi, akuti akatiteteze kwa akuba.

Mwini sitolo ya masipeya, a Lyford, anayala mabokosi atatu patebulo. Loyamba linali lonyezimira, lili ndi dzina lalikulu la ku Japan. Lachiwiri linali lofiira, la ku India. Lachitatu anachita kulipukuta fumbi, zilembo zake zitafufutika. Polankhula ankayang'ana a Bilali okha, poti ndi amene anavala wotchi.

"Bigi, tengani yonyezimirayi, ndi orijino."

"Ndikuidziwa," anayankha a Bilali akuonetsa foni. "Pa intaneti aliyense akuitama. Ngati mukukakamira kukonza chiphaphacho, ndi imeneyi basi."

Baba anali atatsegula kale bokosilo.

"Madala, sititsegula musanagule!" anakuwa a Lyford.

Koma ugonthi uli ndi ubwino wake. Baba anatulutsa bering'i ija, naikhazika patebulo. Anagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa mkombero wake, chigwiriro n'kuchiluma ndi mano, natsinzina. Kenako anaizungulitsa ndi chala.

Anthu a m'sitolo anayamba kugwirana pamapewa. Wina anaseka mokweza. A Bilali anayang'ana kudenga ngati sakutidziwa.

Baba analavula chigwiriro chija. Munthu wosamva salankhula monong'ona, choncho mawu awo anakafika mpaka pakhonde.

"Iyi ikukukuta ngati mpunga wamiyala. Bokosi ndi la ku Japan, koma chitsulochi ku Japan sichinapondeko."

"Iyayi, madala, musandiipitsire malonda!"

Baba anali ali kale pa yachiwiri. Anaimvetsera, napukusa mutu pang'ono. "Iyi siinama, koma ndi ya pamsewu wa tala. Pamsewu wa ku Chiuta ikaona mvula imodzi yokha."

Yachitatu anaizungulitsa nthawi yaitali. Ndinaona nkhope yawo ikumasuka, ngati mmene inkachitira kale injini ikalira bwino.

"Iyi," anatero. "Inakhalitsa pashelefu chifukwa ogula a masiku ano amagula bokosi. Zaina, uthire girizi wokwanira, idzakukalambitsa."

Dalaivala wina wa minibasi, amene ankaseka uja, anapempha sikuludiraiva. Anaipukuta pamalaya, naluma, nazungulitsa yonyezimira ija. Maso anatuzuka.

"Wallahi ikukukutadi! A Lyford, si imeneyi munandigulitsa mwezi watha?"

M'sitolo munabuka phokoso. A Bilali, m'malo monyadira, manyazi anawagwira chifukwa foni yawo inali itagonja pagulu. Anawerama kwa a Lyford.

"Muwakhululukire akuluwa, mutu unayamba kubalalika. Kunyumba timangowasunga. Galimotoyonso ikupita sabata ino."

Ananena akumwetuliranso. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhe zoti sadzaiwala, uchimwene tiuike pambali. Koma Baba anandigwira mkono. Anali akuyang'ana milomo ya mwana wawo.

"Bilali," anaitana. "Makutu anga anafa, koma mano amamva. Chibwerere ku Joni ndimaona milomo yako ikuyenda, uku ukundisekerera. Anzako akamva amayang'ana pansi. Ndikufuna ndimve ndekha."

Anatenga sikuludiraiva ija kwa dalaivala, naika nsonga yake pachibwano cha a Bilali, pa fupa lenileni.

"Gwira apa. Nena zonse, usasiyeko."

"Baba, pano ndi pagulu…"

"Sindikumva. Dikira ndilume."

Analuma chigwiriro. Ulendo uno sanatsinzine. Ngakhale a Lyford anasiya kukangana ndi dalaivala uja. A Bilali anagwira chitsulocho ndi zala ziwiri. Milomo inatseguka, n'kutsekekanso. Thukuta linatsika m'masaya mpaka kunyowetsa nsonga ya sikuludiraiva. Baba anadikira, ndipo sanafulumire.

Potsiriza anachotsa chigwiriro pakamwa, nachipukuta, nabweza sikuludiraiva m'thumba.

"Ndiye kuti palibe nkhani," anatero. "Zaina, tenga ya fumbiyo. Bilali, ukakafika kunyumba uvule wotchi, jeke ukapopa ndiwe."